Mtovu wa ku Kabwe: Anapima, Analemba, Kenako Ciyani?

Mu 1902, mzungu wina wofufuza miyala, T.G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki pa kaphiri kena m'dera lino. Malowo anawacha Broken Hill potengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906 ndipo tauni inayamba kukula m'mbali mwa mgodi. Dzina lakuti Kabwe linabwera mu 1966, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994. Ambiri a inu munabadwa utatsekedwa kale, koma fumbi lake likali m'makomboni mwathu.

Mgodi sungayende popanda kupima. Miyala imapita ku labu kuti eni ake adziwe kuculuka kwa mtovu umene ulimo, cifukwa phindu lao lagona pamenepo. Funso limene mbiri ya Kabwe imatisiyira ndi lakuti: kodi khama lomwelo linalipo poteteza anthu okhala pafupi?

Utsi wa ng'anjo yosungunulira miyala ndi fumbi la milu ya zotsalira zinali kuuluka ndi mphepo kupita ku Kasanda ndi Makululu. Mtovu sununkha, ndipo supweteka tsiku limene walowa m'thupi. Mwana amasewera m'dothi, n'kuika zala m'kamwa, basi walowa. Pang'onopang'ono umaononga ubongo, umacepetsa magazi, ndipo ukaculuka kwambiri umayambitsa kukomoka ngakhale imfa. Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza.

Zimenezi sizinadziwike dzulo ai. M'zaka za m'ma 1970, dokotala wina, A.R.L. Clark, anapima magazi a ana ndi azimai a ku Kasanda ndipo anapeza mtovu woculuka, ngakhale mwa makanda obadwa kumene. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1977. Mgodi unagwirabe nchito kwa zaka zina 17, ndipo utatsekedwa, milu ya zotsalira inangosiyidwa pamtunda. Waukulu mwa iyo ndi uja timaucha Black Mountain, kumene anyamata amakumba miyala yogulitsa opanda cotseka pamphuno. Mu 2007, bungwe la Blacksmith Institute linaika Kabwe pa mndandanda wa malo 10 oipitsidwa kwambiri pa dziko lonse.

Mu 2016, akatswiri a University of Zambia ndi a Hokkaido University ya ku Japan anayamba kafukufuku wochedwa KAMPAI, wopima dothi, ziweto ndi magazi a anthu a kuno. Nchito yotere imafuna mwambo. Kuti apime mtovu wa m'dothi, amayamba alisungunula ndi asidi wamphamvu, ndipo labu imene anthu ambiri amagwiriramo nchito imakhala yoopsa ngati mmodzi yekha alekerera. Botolo lililonse lilembedwe dzina, magolovesi avalidwe, mpweya woipa ukokedwe kupita panja, ndipo zinyalala za mankhwala zisasakanizidwe ndi zinyalala wamba.

Ine ndimaphunzitsa sayansi, ndipo labu yathu timaigwiritsa nchito aphunzitsi angapo ndi makalasi ambiri. Tili ndi buku lolembamo zimene tapeza poyendera: paipi ya gasi ngati ikudontha, kabati ya asidi ngati ndi yokhoma, cozimitsira moto ngati masiku ake sanathe. Ana a sukulu amaona ngati ndi nchito yotopetsa. Ndimawauza kuti kuyendera kuli ngati mafuwa atatu: kupima, kulemba, ndi kukonza cimene calakwika. Fuwa limodzi likasowa, mphika umagwa. Ku Kabwe awiri oyambawo analipo. Lacitatu ndi limene linacedwa.

Mtengo wa kucedwako ndi waukulu. Mu December 2016, World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yothandiza madera a migodi, kuphatikizapo kupima ndi kuciritsa ana a ku Kabwe. Mu October 2020, maloya oimira ana ndi azimai a kuno anasumira kampani ya Anglo American ku khoti ya ku Johannesburg. Kampaniyo imakana mlandu, ikuti sinali mwini wa mgodi. Mu December 2023 khoti inakana kuti mlanduwo uzengedwe monga wa gulu, ndipo odandaula anacita apilo. Kaya mlandu udzatha bwanji, madzi akatayika saoleka: ubongo wa mwana ukaonongeka ndi mtovu subwerera mwakale.

Kuno ku Mukobeko tili patali ndi mgodi poyerekeza ndi Kasanda kapena Chowa, koma fumbi limayenda pa zovala, pa nsapato ndi pa magalimoto, ndipo abale athu amakhala komweko. Tingathe kuwaza madzi pabwalo tisanasese, kusambitsa ana m'manja asanadye, ndi kufunsa ku kiliniki za kupimitsa magazi ao. Ndipo inu amene mudzagwira nchito m'malabu, m'mafakitale ndi m'migodi ya mawa, mukadzaona woyendera akutseka buku lake, mudzamufunse kuti: zimene mwalembazi, adzakonza ndani, ndipo liti?