Zimbale Zosowa za Jazi ya ku Joni

Mu Januwale 1960 gulu la Jazz Epistles, momwe munali Kippie Moeketsi, Dollar Brand, Hugh Masekela, Jonas Gwangwa, Johnny Gertze ndi Makaya Ntshoko, lidajambula chimbale chotchedwa Verse 1 mumzinda wa Johannesburg. Zimbale zomwe zidasindikizidwa zinali 500 zokha. Pa 21 Malichi chaka chomwecho apolisi adapha anthu 69 ku Sharpeville, boma lidaletsa misonkhano, ndipo gululo lidabalalika. Ambiri mwa oimbawo adakathera kunja kwa dziko.

Osonkhanitsa zimbale amakonda kunena za kusowa kwa chimbale ngati mwayi wa mlenje. Koma ku South Africa kusowako kudali ndi ochititsa. Makampani ankaona nyimbo za anthu akuda ngati malonda a nyengo imodzi, osati chuma choyenera kusungidwa. Ku wailesi ya boma ya SABC, nyimbo yoletsedwa ankaikanda dala pachimbale ndi chitsulo chosongoka kuti singano isayendepo. Choncho zambiri zomwe zidapulumuka zidapulumukira m'manja mwa anthu wamba: m'makatoni a pansi pa bedi, m'mashabini, ndi m'masutikesi a othawa kwawo.

Mmodzi mwa omwe adayenda njira ina anali Rashid Vally, mwini sitolo ya zimbale ya Kohinoor ku Johannesburg. Iyeyu ndiye adatulutsa Mannenberg ya Dollar Brand mu 1974, ndipo kampani yake ya As-Shams idapatsa oimba ufulu umene makampani akuluakulu ankawamana.

M'kaundula wa kampaniyi muli chimbale chimene Amalawi ayenera kuchidziwa, ngakhale ndi ochepa adachimvapo. Dick Khoza, woimba ng'oma wobadwira ku Malawi, ankayang'anira zoimbaimba ku Pelican Club ku Orlando, mu Soweto. Mu 1976, patangopita miyezi yochepa ana asukulu ataukira boma pa 16 Juni, iye adatenga gulu la Afro Pedlars n'kukajambula Chapita. Mayina a nyimbo zina okha akuulula kumene mtima wake udali: ina ndi Lilongwe, ina ndi Zumbwe. Mbiri ya matchona yalembedwa kwambiri kuchokera m'mabuku a Wenela ndi ziwerengero za m'migodi. Kawirikawiri mtchona amaonekamo ngati nambala. Pano mtchona akutsogolera gulu la oimba pakati pa Soweto, natchula mzinda wa kwawo umene udali utangokhala likulu la dziko mu 1975.

Chapita idazimirira kwa zaka zoposa makumi atatu. Idatulukanso mu 2010, ngati chimbale choyamba cha Matsuli Music, kampani yaing'ono ya Matt Temple ndi Chris Albertyn, anthu omwe adayamba ngati osonkhanitsa chabe. Pambuyo pake adatulutsanso Batsumi ya 1974 ndi African Songbird ya Sathima Bea Benjamin ya 1976.

Ntchitoyi ndi yotamandika, komabe funso la mwini nyimbo silidathe. Zimbale zotulutsidwanso zimasindikizidwa zowerengeka, ndipo ogula ambiri ali ku London, Berlin ndi Tokyo, kumene galamafoni idabwereranso m'fasho. Wophunzira wa ku Zomba wofuna kumva Lilongwe ya Khoza adzaipeza msanga pa intaneti kusiyana ndi m'sitolo iliyonse ya mumzinda umene nyimboyo ikutchula.