AMENE ANAPALA MAZENERA A BULOKO YAKALE

Nonse amene tinakulira limodzi pa mgaiwa ndi nyemba za pa sukulu yathu ija, kalata ya komiti inandipeza kwathu kuno ku Mwazisi ndili pakalikiliki wosoka fodya, ndipo ndinaiwerenga kawiri. Mfundo yachitatu inali yakuti ndalama zimene tasonkha zigwire ntchito yozula mazenera onse a matabwa pa buloko yakale, ija yoyang'ana ku bwalo la mpira, ndi kuikamo a aluminiyamu. Sindikunyoza komiti ayi. Akuluakuluwa akutigwirira ntchito popanda malipiro. Koma tisanakweze manja pa msonkhano waukulu, ndiloleni ndifotokoze kumene mazenerawo anachokera, poti mmodzi mwa amisiri amene anawapala anali agogo anga aamuna, obereka mayi.

Nkhaniyi imayambira ku Khondowe. Mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear mu 1875, malungo atavuta inasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka mu 1894 Dr Robert Laws anakwera nayo kumapiri a m'boma lathu lino la Rumphi. Kumeneko anatsegula Overtoun Institution, dzina lochokera kwa Lord Overtoun, mpondamatiki wa ku Scotland amene ankathandiza ndi ndalama. Ambiri timaidziwa sukuluyo chifukwa cha aphunzitsi ndi abusa amene inatulutsa, koma inkaphunzitsanso ntchito zamanja: ukalipentala, kumanga, kusema miyala ndi kusindikiza mabuku. Stone House, imene inamangidwa mu 1903, chipatala cha David Gordon Memorial ndi tchalitchi chachikulu chija, zonsezi zinadutsa m'manja mwa anyamata akuda.

Munayamba mwadzifunsapo chifukwa chake mazenera a nyumba zakale za mishoni ali ndi timagalasi ting'onoting'ono, togawidwa ndi timatabwa? Ine ndili pa sukulu ndinkayesa n'zokongoletsa chabe. Taganizirani ulendo wa galasi masiku oyambirirawo. Linkachoka ku Britain pa sitima ya pamadzi mpaka ku Chinde, n'kukwera Zambezi ndi Shire, n'kusenzedwa pamutu kulambalala mathithi, n'kulowanso m'sitima ya pa nyanja mpaka ku Florence Bay, kumene lero timati Chitimba. Pamenepo mpamene panayambira chitunda, ndipo msewu wokhotakhota wa Gorodi unatha kumangidwa mu 1905. Galasi lalikulu likanafika lili zidutswa zokhazokha. Tating'ono tinkapakidwa bwino m'bokosi, ndipo kamodzi kakasweka, monga tinkaswera ife ndi mpira wachikulunga, ankangosintha komweko. Ngakhale mayendedwe atayamba kuphweka, amisiri ophunzira ku Khondowe anapitiriza kapangidwe komweko kulikonse kumene anakagwira ntchito.

Agogo anga ananyamuka kuno wapansi ali mnyamata, kudzera ku Bolero ndi m'chigwa cha Henga, kamba wawo ali chimanga chokazinga. Ankakonda kusimba kuti chaka choyamba sanaloledwe kupanga kanthu kalikonse. Ntchito yawo inali kunola zida ndi kucheka matabwa pa dzenje, wina pamwamba wina pansi, utuchi ukuthothokera m'maso. Atamaliza maphunziro anayendayenda m'masukulu a mishoni, ndipo m'zaka za m'ma 1930 anali m'gulu limene linapanga zitseko ndi mazenera a buloko yathu. Mtengo wake ndi mlombwa, umene chiswe sichiulimba mtima, ndipo anayamba auumika pamthunzi nyengo yaitali asanaukhudze. M'makona a felemu mulibe msomali. Thabwa lina analiboola, linzake n'kulisema lilime lolowa m'bowomo, kenaka n'kukhomerapo chikhomo cha mtengo. Tsiku limene anandiperekeza kukayamba sukulu, ali okalamba ndithu, sanapite kaye ku ofesi ya ahedi. Anazungulira kuseri kwa buloko, n'kutsegula zenera limodzi, n'kulitseka, n'kulitsegulanso, akumvetsera. Ine manyazi anandigwira poona anyamata akuseka. Lero ndikakumbukira, manyaziwo amandigwira mwa mtundu wina.

Mbiri ya Khondowe inasunga maina a anthu a cholembera ndi a pa guwa. Timamudziwa Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Timawadziwa a Levi Mumba, pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, ndiponso abusa Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, amene anadzozedwa mu 1914. Nanga akalipentala? Iwowa sanasiye makalata kapena maulaliki. Amene akufuna kudziwa luso lawo ayenera kupita pa khoma n'kugwira ndi dzanja. Tikazula mafelemu aja, mawa lake adzakhala nkhuni ku khitchini, ndipo palibe china chidzatsale chonena kuti anthuwo anakhalako.

Aluminiyamu ndisamunamizire. Sachita dzimbiri, chiswe sichimudya, safuna penti, ndipo ndi wopepuka. Pa buloko yatsopano ya sayansi ine ndingavomere ndi manja awiri. Komabe pali zina zimene kalata ya komiti sinatchule. Zenera lokankhira cham'mbali limatseguka theka lokha, pamene lathu lakale limatseguka lonse. Amene munakhalapo m'kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu mwezi wa Okutobala mukudziwa chimene ndikunena. Limayenda pa timatayala tokhala m'ngalande, ndipo fumbi likadzaza m'ngalandemo timatayalato timatha. Kuno kumudzi ndani angatikonze? Mpaka munthu akwere galimoto kukafuna ku Mzuzu. Galasi lake ndi limodzi lalikulu, ndiye mpira umodzi wolakwika, mtengo wake ndi wa timagalasi tambirimbiri. Chitsulocho sitiyenga m'dziko muno. Miyala yake, ya bauxite, inapezeka pa phiri la Mulanje m'zaka za m'ma 1920 koma sinakumbidwe, ndipo anzathu a ku Mozambique ndiwo anatsegula fakitale ya Mozal pafupi ndi Maputo mu 2000. Choncho kachitsulo kalikonse kadzachokera kunja, pamene mlombwa amaudziwa kalipentala aliyense wa pa Bolero. Chinanso, zibowo za khoma lakale sizifanana kukula kwake, poti zinayezedwa ndi manja. Kuti felemu ya ku fakitale ikhazikike, adzagumula njerwa za m'mbali n'kumata simenti, ndipo nkhope ya buloko idzasinthiratu.

Mwezi wathawu ndinalipira ndekha kalipentala wa kuno, tinapita kukaona. Tinatenga msomali, n'kumabaya felemu iliyonse. Mwa mazenera 24, asanu okha ndi amene msomali unalowa, ndipo onsewo anaola thabwa la m'munsi lokha, mbali imene madzi a padenga amagwera chifukwa ngalande ya malata inathothoka kalekale. Otsalawo ndi olimba gwa. Chimene akusowa ndi mahinjesi, timagalasi tosweka, phala lomatira galasi ndi penti. Mnyamatayo, amene sanawaonepo agogo anga, anakhala nthawi yaitali akusisita kona imodzi, kenaka anandifunsa ngati angabwere ndi ophunzira ake awiri kuti adzaone malumikizidwe ake.

Pempho langa kwa a Wapampando ndi lakuti mfundo yachitatu iyambe yaima mpaka tiyerekeze mitengo iwiri, wozula ndi wokonza, ndipo ngalande ya padenga ikhale yoyamba kukonzedwa mvula isanagwe. Pepala la mitengo limene kalipentala uja analemba ndalitumiza kale kwa mlembi. Pa msonkhano waukulu ndidzabwera ndi tchizulo ya agogo, imene ndimasunga m'sutikesi, kuti amene akufuna adzaiike m'mabowo a felemu imene tidzatsegule, aone ngati siikwanira ndendende.