Mileme ya ku Kasanka: Alendo Amene Amabzala Nkhalango

Caka ciliconse kumapeto kwa mwezi wa Okutobala, mvula yoyamba ikayandikira, mileme yoculuka zedi imafika m'paki ya Kasanka, m'boma la Chitambo, m'cigawo ca Pakati. Akatswiri a za nyama amayerekeza kuti ciwerengero cake cimafika pakati pa mamiliyoni 8 ndi 10. Nyumbu zochuka za ku Serengeti m'dziko la Tanzania zimangopitirira pang'ono miliyoni imodzi, motero msonkhano wa ku Kasanka umawerengedwa kukhala umodzi mwa misonkhano yaikulu kwambiri ya nyama zoyamwitsa pa dziko lonse lapansi.

Kodi mleme ndi mbalame?

Ana ambiri a sukulu amafunsa funso limeneli. Yankho ndi lakuti mleme si mbalame ngakhale umauluka. Uli ndi ubweya m'malo mwa nthenga, suikira mazira, umabereka mwana wamoyo ndipo umamuyamwitsa. Mapiko ake ndi khungu lopyapyala lotambasuka pakati pa zala zazitali za m'manja mwake.

Mtundu umene umabwera ku Kasanka umadziwika ndi dzina la sayansi lakuti Eidolon helvum. Ubweya wake ndi wofiirira ngati udzu wouma. Mleme umodzi umalemera pafupifupi magalamu 300, ndipo ukatambasula mapiko umafika masentimita 80. Mileme yaing'ono imene timaiona m'madenga a nyumba imadya tizilombo, ndipo imapeza njira mumdima pomvetsera mau ake akamabwerera kucokera pa zinthu. Ya ku Kasanka imadya zipatso, ndipo imadalira maso ake akuluakulu ndi mphuno yakuthwa.

Kumene imacokera ndi cimene imadzera

Cimene cimaitana mileme ndi cakudya. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala, nkhalango za miombo zozungulira pakiyi zimadzaza ndi zipatso zakupsa monga masuku ndi mpundu. Zipatsozi zikatha, cakumapeto kwa Disembala kapena kuciyambi kwa Januwale, mileme imanyamuka.

Pofuna kudziwa kumene imapita, ofufuza awiri, Heidi Richter ndi Graeme Cumming, anamangirira timakina totumiza uthenga ku setilaiti pa mileme ingapo. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2008, zinaonetsa kuti milemeyo inalowera kumpoto m'dziko la Democratic Republic of Congo, ndipo umodzi unayenda mtunda woposa makilomita 2,500 m'miyezi isanu.

Usana ndi usiku wa mileme

Ngakhale paki ya Kasanka ili ndi malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 390, mileme yonseyi imagona m'kankhalango kamodzi ka m'dambo, ka mahekitala owerengeka cabe. Nkhalango yotere, imene imakhala yobiriwira caka conse, anthu a kumaloko amaicha mushitu. Mileme imalendewera cadodolido mothithikana kwambiri, kotero kuti nthambi zina zimathyoka ndi kulemera kwake. Ziombankhanga ndi nkhwazi zimazungulira pamwamba kufuna ndiwo, pamene ng'ona zimadikira imene yagwa pansi.

Dzuwa likamalowa, gulu lonse limanyamuka ndi kudetsa thambo kwa mphindi zambiri. Mleme umodzi ungathe kuuluka makilomita oposa 50 kukafuna cakudya, n'kubwerera mbandakuca.

Nchito imene imagwira

Apa ndi pamene pagona phindu la nyamazi. Mleme ukadya cipatso umauluka ndi njere zake, zing'onozing'ono m'mimba ndipo zokulirapo m'kamwa, n'kukazitaya kwina. Kafukufuku wocitika m'dziko la Ghana pa mtundu womwewu anapeza kuti njere zing'onozing'ono zingathe kutayidwa pa mtunda wa makilomita 75 kucokera pa mtengo umene zinacokera. Ndi nyama zocepa zimene zimafalitsa mbeu kutali motero. Mileme imadutsanso pamwamba pa minda ndi malo amene mitengo inadulidwa, kotero imathandiza kuti nkhalango imerenso kumeneko. Imanyamulanso mungu pamene ikumwa timadzi ta m'maluwa.

Mitengo imeneyi ndiyo imasunga madzi m'nthaka, imateteza magwero a mitsinje, ndi kupatsa mabanja zipatso, bowa ndi uci.

Zoopsa zimene zilipo

Kasanka inakhala paki ya boma mu 1972, koma nyama zake zinatsala pang'ono kutha cifukwa ca opha nyama mozembera lamulo. Bungwe la Kasanka Trust, limene linakhazikitsidwa mu 1987, linathandiza kuitsitsimutsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakuthengo.

Lero vuto lalikulu lili kunja kwa malire a paki, kumene mileme imakadya. Kuocha makala, kudula mitengo ndi kutsegula minda ikuluikulu kukucepetsa mitengo ya zipatso. Moto wolusa m'nyengo ya cilimwe umaopsezanso mushitu. Popeza mamiliyoni onsewa amadalira kankhalango kamodzi, kuonongeka kwake kungakhudzenso nkhalango za m'maiko ena kumene milemeyi imapita. Bungwe la IUCN, loona za cilengedwe pa dziko lonse, linaika mtundu umenewu pa mndandanda wa nyama zimene zayandikira kukhala pangozi.

Zimene ana angacite

Mwana aliyense angayambe kuphunzira ali pakhomo. Madzulo yang'anani pa mtengo wa mango kapena mkuyu, ndipo lembani m'kope nthawi imene mileme yafika ndi cimene ikudya. Musaiponye miyala kapena kuilasa ndi legeni. Musagwire mleme ndi manja, wamoyo kapena wakufa, pakuti ina imanyamula matenda. Uzani munthu wamkulu. Aphunzitsi ofuna kupita ndi ana ku Kasanka adziwe kuti nthawi yabwino yoonera mileme ndi mwezi wa Novembala kufikira kuciyambi kwa Disembala.