Nyumba za Bwacha: kuchoka pa chitupa kufika pa TPIN

Nkhani yogulitsa nyumba yalowa m'makomo ambiri mu Bwacha. Imakambidwa pa maliro, imakambidwa m'magulu a WhatsApp a pabanja, ndipo kwina yadanitsa kale ana a mimba imodzi. Eni nyumba za renti akudandaula kuti ZRA ifuna msonkho, khonsolo ifuna mareti, denga likudontha, ndipo wokhala m'nyumba ali ndi nkhongole ya miyezi itatu. Ana awo, amene ena ndinu owerenga magazini ino, akuti tigulitse tigawane, wina agule takisi, wina alipire koleji. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale, ndipo ndinabadwa nyumba izi zikali za khonsolo. Ndifuna kuti tisanakhome chikwangwani pa geti tidziwe njira imene nyumba izi zinadzera kuti zifike m'manja mwathu, kenaka tiwerenge ndalama modekha.

Msonkho wa nyumba si wachilendo m'dziko lino. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, kampani ya British South Africa imene inali kulamulira inaika msonkho pa nyumba za kumidzi, ndipo inafuna kuti ulipidwe ndi ndalama. Munthu wa kumudzi anali ndi mapira, mbuzi ndi nkhuku, koma ndalama analibe, motero anayenera kukaifuna kwa mzungu. Mu 1902 T. G. Davey anapeza mtovu ndi zinki pamalo ano, ndipo malowo anatchedwa Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Amuna anabwera kuchokera kwa Alenje, Alala, Abemba, Angoni ndi Ansenga, ena kuchokera ku Nyasaland, ambiri a iwo atathamangitsidwa kwawo ndi msonkho wa kanyumba ka udzu.

Atafika m'tauni anapeza lamulo lina: nyumba inali kuyenda ndi nchito. Wa pa mgodi anagona m'komboni ya mgodi, wa pa njanji m'komboni ya njanji. Nchito ikatha, nyumba nayo yatha, ndipo chitupa chinali kuonetsa kuti munthuyo kwawo ndi kumudzi, m'tauni ndi mlendo chabe. Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, anafufuza moyo wa anthu akuda mu Broken Hill ndi kufalitsa zimene anapeza mu 1941 ndi 1942. Anaonetsa kuti anthu ambiri anali atakhazikika kale m'tauni zaka zochuluka, ngakhale boma ndi makampani anali kuwatenga ngati odutsa. Mgodi unali kupatsa anchito ena mapuloti a maekala asanu kuti azilima ndi kumangapo, koma nthakayo inakhalabe ya kampani.

Mu 1948 boma la Northern Rhodesia linakhazikitsa lamulo lotchedwa Urban African Housing Ordinance, lokakamiza olemba nchito ndi makhonsolo kupezera anchito akuda malo ogona. M'zaka zotsatira makomboni a khonsolo anakula m'matauni onse a m'mbali mwa njanji, ndipo Bwacha ndi mmodzi wa iwo. Dzinali ndi la Chibemba, limatanthauza zomwe ife timati kwacha. Koma kwa agogo athu amene analowa m'nyumba zimenezi kunali kusanache kwenikweni. Landilodi wawo anali khonsolo, renti inali kudulidwa pa malipiro kapena kulipidwa ndi wowalemba nchito, ndipo palibe amene akanasiyira mwana wake nyumbayo ngati chuma.

Ufulu wa 1964 unachotsa chitupa, dzina la Broken Hill linasanduka Kabwe, ndipo anthu anakhamukira m'tauni kuposa nyumba zimene zinalipo. Amene anasowa nyumba ya khonsolo anakamanga okha kumalo monga Makululu. Boma la UNIP linaona landilodi ngati munthu wofunika kumangidwa chingwe. Mu 1972 linapanga Rent Act, lamulo lopatsa khoti mphamvu yoika renti yoyenera ndi kuteteza wobwereka nyumba kuti asatulutsidwe mwachisawawa. Mu 1974 kunabwera lamulo la Housing (Statutory and Improvement Areas) Act, limene linalola makhonsolo kupereka mapepala a nyumba m'makomboni, kuphatikizapo chilolezo chokhala pamalo zaka 30. Pa 30 June 1975, m'zokamba zake zotchedwa Watershed Speech, Kenneth Kaunda anathetsa umwini wamuyaya wa nthaka, anatseka mabizinesi a ogulitsa malo, ndipo anadzudzula zoti munthu payekha azimanga nyumba zobwereketsa. Mataito akale anasanduka lizi ya zaka 100, ndipo nthaka yopanda chomangapo inanenedwa kuti ilibe mtengo.

Zaka makumi awiri pambuyo pake, mphepo inatembenuka. Mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, chaka chomwecho chimene ZRA inayamba nchito. Mu 1995 boma la MMD linapanga Lands Act yatsopano, imene inavomereza kuti nthaka ili ndi mtengo ndipo lizi yake, ya zaka 99, ingagulitsidwe. Mu 1996, chaka cha masankho, Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene anali kukhalamo. Mitengo inatsitsidwa kwambiri, makamaka ya nyumba zakale. Nyumba za boma ndi za makampani a boma nazo zinatsatira njira yomweyo. Kuchokera pamene mtovu unapezeka kufika pamene munthu wamba wa mu Bwacha anatha kunena kuti nyumba iyi ndi yanga, panapita zaka 94.

Ndiye mukamva mawu akuti landilodi, musaganize za munthu wa mafulati mu Kabulonga. Landilodi wa mu Bwacha nthawi zambiri ndi mayi wamasiye, kapena bambo amene anachotsedwa nchito pa mgodi, pa njanji, kapena pa Mulungushi Textiles imene inaima mu 2007. Nyumba anaipeza pa nthawi yomwe nchito zinali kutha m'tauni. Anamanga zipinda ziwiri kumbuyo, kapena anapita kukalima ku Mukonchi ndi kusiya nyumba yonse pa renti. Mulungushi University itatsegulidwa mu 2008, ndipo koleji ya aphunzitsi ya Nkrumah itasanduka yunivesiti, ophunzira anawonjezera ofuna zipinda mu Kabwe. Kwa mabanja ambiri, renti ndiyo penshoni imene kampani sinapereke mokwanira.

Kugulitsa kwa 1996 kunasiya dzenje m'thumba la makhonsolo. Renti imene anali kutolera mwezi ndi mwezi inatha, koma misewu, ngalande ndi zinyalala zinakhalabe udindo wawo. Anatsamira pa mareti, msonkho umene mwini nyumba amalipira malinga ndi mtengo wa nyumba yake, womwe lero ukuyendetsedwa ndi Rating Act ya 2018. Makolo athu ambiri atalandira nyumba anaganiza kuti zolipira ku khonsolo zatha. Mabilu anaunjikana m'kabati, ndipo lero ana akupeza nkhongole ya zaka zambiri pa nyumba imene anali kuiona ngati yaulere.

Mbali ya ZRA nayo yasintha kangapo. Kale msonkho wa renti unali kudulidwa ndi wobwereka nyumba, iye ndiye anayenera kuutumiza ku ZRA. Mu 2014 unatsitsidwa kuchoka pa 15 peresenti kufika pa 10 peresenti. M'maofesi ndi m'mashopu akuluakulu zinali kutheka, koma m'komboni ndani akanalimba mtima kudula ndalama ya alandilodi ndi kuwauza kuti yapita ku boma? Kuyambira January 2022 udindo unasamukira kwa mwini nyumba. Wolandira renti yosapitirira K800,000 pachaka anaikiridwa 4 peresenti, wopitirira pamenepo 12.5 peresenti, ndipo chaka chotsatira K12,000 yoyamba ya pachaka inachotsedwa pa msonkho. Peresenti inatsika, koma mantha anakwera, chifukwa tsopano gogo wa zaka 70 afunika TPIN, afunika kulemba ripoti pa intaneti, ndipo akachedwa pali chilango. Eni nyumba ambiri amene ndimacheza nawo akuopa kompyuta kuposa ndalama yeniyeniyo.

Apa ndi pamene ndimapempha achinyamata kuti atenge cholembera, chifukwa kugulitsa nako kuli ndi msonkho wake. Property Transfer Tax inayamba mu 1984, ndipo amalipira ndi wogulitsa. Mu 2014 inakwera kufika pa 10 peresenti, mu 2016 inabwerera pa 5 peresenti, ndipo kuyambira January 2025 ili pa 8 peresenti. ZRA ili ndi mphamvu yowerengera pa mtengo weniweni wa pamsika ngati iona kuti mtengo wolembedwa pa pangano wachepetsedwa dala.

Tiyerekeze nyumba yobweretsa K1,500 pamwezi. Pachaka ndi K18,000. Ngakhale titaika 4 peresenti pa ndalama yonseyo, msonkho ndi K720 pachaka. Tiyerekezenso kuti banja lagulitsa nyumba yomweyo pa K250,000. Msonkho wa 8 peresenti ndi K20,000, wolipidwa kamodzi. Ndalama imeneyo ikanalipira msonkho wa renti zaka zoposa 27. Pa zotsalazo chotsani mareti onse akumbuyo, loya ndi ejenti, kenaka gawani pa ana asanu ndi mmodzi. Aliyense atenga ndalama yosakwana kugula puloti ndi kumanga ngakhale zipinda ziwiri. Ziwerengero za msonkho zimasintha ndi bajeti ya chaka chilichonse, motero pitani ku ofesi ya ZRA mukamve za chaka chimene mukugulitsa, koma kusiyana kwa misonkho iwiriyi n'kwakukulu kotero kuti kuthawa woyamba pothamangira wachiwiri n'kuthawa mvula ndi kugwera mumtsinje.

Palinso nkhani ya mapepala. Nyumba zambiri za 1996 zikali ndi kalata yogulitsira yochokera ku khonsolo chabe, taito sinatengedwe. Zina taito ilipo, koma ili m'dzina la agogo amene anamwalira kale. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limati munthu akamwalira osasiya wilo, nyumba imakhala ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo woyang'anira chuma cha masiye afunika chilolezo cha khoti asanagulitse. Achimwene aakulu sangangotenga ndalama kwa wogula ndi kusaina okha. Wogula wochenjera akaona mapepala osalongosoka amatsitsa mtengo, ndipo banja lofulumira limavomera.

Tisaiwale amene ali mbali ina ya chitseko. Ambiri a ife aphunzitsi, manesi ndi ophunzira timakhala m'nyumba za renti. Rent Act ya 1972 ikalipo, ndipo siilola mwini nyumba kutulutsa munthu kapena kulanda katundu wake popanda kudzera ku khoti. Eni nyumba amati njira ya khoti ndi yaitali ndi yodula kuposa renti imene akulondola, ndipo pamenepa ali ndi mfundo. N'chifukwa chake timaona zitseko zikuzulidwa ndi malata akuchotsedwa, zomwe lamulo silivomereza. Koma nyumba ikagulitsidwa kwa munthu wa ndalama wochokera ku Lusaka, kawirikawiri amaizinga ndi mpanda wa njerwa, amaikamo matailosi ndi kukweza renti. Wobwereka wakale amasamukira kumene kulibe madzi a pampopi. Landilodi wamng'ono akachoka pamsika, wosauka ndiye woyamba kumva kuwawa.

Sindikunena kuti kugulitsa ndi tchimo. Pali mabanja amene afunika ndalama ya chipatala lero, pali nyumba zimene makoma ake ang'aluka kotero kuti kukonza kwaposa mphamvu za eni ake, ndipo pali abale amene kugawana ndiko kungawabwezere mtendere. Amene agulitsa pa zifukwa zotere agulitse mapepala ali m'manja, pa mtengo wa pamsika. Chimene ndikukana ndi kugulitsa chifukwa choopa fomu ya pa intaneti. Inu amene mumatha kutsegula akaunti ya Facebook m'mphindi ziwiri mungathe kutengera amayi anu TPIN, kuwalembera ripoti la renti, ndi kupita nawo ku Civic Centre kukapempha kuti nkhongole ya mareti ilipidwe pang'onopang'ono. Mungathenso kulemba pangano la renti la tsamba limodzi, losainidwa ndi mboni, kuti mkangano ukabuka pakhale pogwira.

Kwa ZRA ndi khonsolo pempho langa ndi lakuti abwere m'komboni ndi tebulo ndi munthu wolankhula Chibemba ndi Chinyanja, afotokoze asanalange. Boma limene linagulitsa nyumba izi mu 1996 linapanga eni nyumba masauzande m'chaka chimodzi, koma silinawaphunzitse za mareti, taito kapena wilo. Maphunziro amenewo achedwa ndi zaka pafupifupi 30, ndipo mabanja akugulitsa nyumba akali kuwayembekezera.