Khomo la Zambezi ndi la ndani?

Kuno ku Kasenengwa kulibe nyanja, koma malamulo a masitima apamadzi anayamba kalekale kukhudza katundu amene timagula. Tawuni ya Chipata ikadali Fort Jameson, katundu wambiri wa ku Ulaya ankatsikira ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Masitima ang'onoang'ono ankakwera naye mtsinje mpaka ku Tete, kenako amtengatenga n'kumusenza kufika kuno.

Njirayi inatseguka pambuyo pa mkangano. Apwitikizi, omwe ankalamulira gombe la Mozambique, ankati mtsinjewo ndi wawo ndipo wodutsa azilipira msonkho. Angerezi ankati ndi msewu wa aliyense. Mu 1889 Daniel Rankin anasonyeza kuti masitima ochokera kunyanja angathe kulowera pa Chinde. Pangano la 1891 linalola masitima a mayiko onse kuyenda mu Zambezi ndi Shire, ndipo Angerezi anabwereka malo pa Chinde kwa zaka 99.

Mkangano wofananawo ulinso kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene nyanja imaundana. Pakati pa zilumba za Canada pali mipata yopapatiza yotchedwa Northwest Passage. Canada imati madziwo ndi ake, pomwe America imati ndi njira ya mayiko onse. Mu 1969 sitima ya mafuta ya ku America, Manhattan, inadutsamo, ndipo mu 1970 Canada inakhazikitsa lamulo loteteza madziwo ku zoipitsa.

Pangano la United Nations la malamulo a panyanja, losainidwa ku Montego Bay mu 1982, linayesa kukhutiritsa onse. Linapatsa masitima ufulu wodutsa m'mipata ya nyanja, linalola mayiko a kumadzi oundana kuika malamulo oteteza chilengedwe, komanso linati mayiko opanda gombe ali ndi ufulu wofika kunyanja. Zambia inalivomereza mu 1983. Komabe panganolo limati kadutsidwe kake muzigwirizana ndi mwini gombe.

Apa ndiye pagona nkhani. Mu 2010 Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, Rupiah Banda ali pomwepo, koma bwato la feteleza lomwe ankayembekezera silinafike. Mozambique inaliimitsa, ponena kuti payambe pachitika kafukufuku wa zachilengedwe. Chaka chomwecho njanji ya Chipata ndi Mchinji inatsegulidwa, yoloza ku doko la Nacala. Nayonso imadalira kuti Lusaka, Lilongwe ndi Maputo azimvana.