ILALA, SITIMA YA ENI AMBIRI

Munthu aliyense amene anakulira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi alidziwa dzina la Ilala. Lipenga lace likalira, akulu ndi ana omwe amathamangira ku doko, ena kukalandira alendo, ena kukagulitsa malonda ao. Koma si onse adziwa kumene sitimayi inacokera, ndi manja amene yapitamo kufikira lero. Tiyeni tsono tione mbiri yace.

Dzina Lace

Ilala ndi dera la m'dziko la Zambia, kumene kuli mudzi wa Mfumu Chitambo. M'mudzi umenewo ndimo anamwalira David Livingstone m'caka ca 1873. Patapita zaka ziwiri, amishoni a ku Scotland anabwera ndi kasitima koyendera nthunzi, nakacha Ilala pokumbukira malo amene mnzao anafera. Atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire anakamasula, ndipo amuna ambiri anasenza zitsulo zace pa mitu kufikira pamene madzi ayenda bwino. Kanalowa m'nyanja pa 12 October 1875, motsogozedwa ndi Edward Young, ndipo Dr Robert Laws anali momwemo. Sitima imene tikunena pano ndi yaciwiri, imene inalowa dzina la kasitima kaja.

Tsoka la Vipya

Ilala yaciwiri inabwera cifukwa ca maliro. Kampani ya njanji, yochedwa Nyasaland Railways, inali ndi sitima yatsopano yonyamula anthu, dzina lace Vipya. Pa 30 July 1946 sitimayo inakomana ndi mphepo yaukali ya mwera kumpoto kwa nyanja, pafupi ndi Chitimba, ndipo inagubuduzika nimira. Anthu 145 anafera m'madzi tsiku limenelo. Dziko lonse linagwidwa ndi cisoni, ndipo eni kampani anaphunzira kuti nyanja yathu si thamanda. Anaona kuti pafunika sitima yolimba, yokhoza kupirira mafunde akuru.

Kumangidwa Kwace

Amisiri a kampani ya Yarrow, ku Scotstoun mu mzinda wa Glasgow, anapanga sitimayi m'caka ca 1949. Koma palibe njira ya pa madzi imene sitima yaikuru ingadzere kucokera ku Ulaya kufika m'nyanja yathu. Cifukwa cace anaimasula zidutswazidutswa, monga anacitira ndi Ilala yoyamba. Zidutswazo zinaoloka nyanja ya mcere kufika ku Beira, ndipo kucokera kumeneko zinakwera njanji kufika ku Chipoka. Amisiri anazilumikiza ku Monkey Bay, ndipo m'caka ca 1951 Ilala inayamba nchito. Utali wace ndi mamita 52, ndipo imanyamula anthu mazanamazana pamodzi ndi katundu wao.

Ulendo Wace

Kwa zaka zambiri ulendo wace wakhala wa sabata ndi sabata. Imanyamuka ku Monkey Bay kumwera, nipita kufikira ku Chilumba kumpoto, mtunda wa makilomita pafupifupi 480, ndipo pambuyo pace imabwerera. Pa njira imaima pa malo monga Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Pamwamba pali zipinda za anthu olipira zambiri, koma ambiri amakhala pansi, pakati pa matumba a cimanga, usipa wouma, malata ndi nkhuku. Pa malo opanda doko lomanga sitima imaima patali, ndipo mabwato ace ang'onoang'ono amatenga anthu kupita nao ku mtunda. Kawirikawiri munthu amatsika m'madzi ofika m'ciuno, katundu ali pa mutu.

Eni Ace

Mwini woyamba anali Nyasaland Railways. Pansi pa kampani imeneyi Ilala inayenda m'masiku a Boma la Angerezi, ndiponso m'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, kampaniyo inasintha dzina nikhala Malawi Railways, ndipo Boma la Malawi ndilo linaitenga. Pa nthawi imeneyo njanji ndi nyanja zinali ngati nyumba imodzi: katundu wotsika m'sitima ya pa mtunda ku Chipoka anali kukwera sitima ya pa madzi kunka kumpoto.

M'caka ca 1994 Boma linagawa nyumba ija pawiri. Za njanji zinaima pa zokha, ndipo sitima za pa nyanja zinapatsidwa kwa kampani ya Boma yochedwa Malawi Lake Services. Pambuyo pace Boma linaganiza zobwereketsa nchito imeneyi kwa anthu a malonda, poyembekeza kuti iwo adzabwera ndi ndalama zokonzera sitima. Motero m'caka ca 2002 sitima zinaperekedwa m'manja mwa kampani ya Glens Waterways. Pangano limenelo silinafike kumapeto kwace, ndipo sitima zinabwereranso ku Boma. M'caka ca 2010 Boma linapanganso pangano lina ndi kampani ya ku Portugal, dzina lace Mota-Engil, imene inayendetsa sitimazo m'dzina la Malawi Shipping Company.

Tikawerenga, tiona kuti maina a oyendetsa asintha kangapo, koma sitima ndi imodzi yomweyo. Mwini aliyense anailandira ili yokalamba kuposa m'mene anailandirira mnzace. Mainjini amatha, zitsulo zimacita dzimbiri, ndipo kukonza kumadya ndalama zambiri. Ndalama zimene anthu a m'midzi angathe kulipira pa ulendo n'zocepa. Apa ndipo pagona bvuto limene mwini aliyense anakomana nalo.

Sitima Ikaima

Kwa munthu wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, Ilala ikaima ndi nkhani ya m'nyuzipepala cabe. Kwa munthu wa ku Likoma ndi ku Chizumulu si tero ai. Zilumba ziwirizi ndi za Malawi, ngakhale zili pafupi ndi gombe la Mozambique, ndipo nthaka yace siibala cakudya cokwanira anthu onse. Ufa, sopo, simenti, mankhwala ndi ana a sukulu, zonse zimadzera pa madzi. Ku Ruarwe nakonso mapiri anatsekereza mudzi, kotero kuti nyanja ndiyo mseu wao.

M'caka ca 2012 Ilala inaima miyezi yambiri pamene amisiri anali kuika mainjini atsopano. Pa nthawi zotere anthu amakwera mabwato a matabwa odzaza kopitirira muyeso, naoloka nyanja yomwe ija inameza Vipya. Mitengo ya zinthu pa zilumba imakwera, ndipo wodwala wofunika cipatala cacikuru amabvutika kupeza njira.

Cimene Tiphunzira

M'caka ca 2021 Ilala inakwanitsa zaka 70 ili pa nchito. Si dzina la kampani lolembedwa pa pepala limene laisunga zaka zonsezi. Aisunga ndi amisiri a ku Monkey Bay, oyendetsa odziwa mwera ndi miyala ya pansi pa madzi, ndi anyamata otsitsa mabwato usiku kuli mdima. Koma citsulo ciliconse cili ndi malire ace. Ilala inamangidwa anthu 145 atafa kale. Wolowa m'malo mwace asadikire maliro ena. Makolo anati, zengerezu adalinda kwaukwau. Ali yense wokhala ndi sitimayi m'manja akumbukire kuti wagwira mseu wa anthu amene alibe mseu wina.