Kiriketi Yaifupi ndi Yaitali: Mkangano wa Msika ndi Munda

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, m'phunziro lathu la mbiri ya masewera lero tikamba za kiriketi. Inu a ku Chazanga, Matero ndi Kanyama mudziwa bwino mpira wa miyendo, pakuti mumausewera tsiku ndi tsiku pabwalo la fumbi. Koma kiriketi ambiri a inu mwangoiona pa wailesi yakanema, anyamata ovala zamawangamawanga akumenya kampira kolimba ndi thabwa, usiku, magetsi ali ngwee. Kiriketi imene mumaionayo ndi yatsopano, ndipo yautsa mkangano waukulu pa dziko lonse. Tiyeni tione kumene mkanganowu unachokera, ndiponso chifukwa chake ukukhudza ife kuno ku Zambia.

Poyamba mudziwe kaseweredwe kake. Timu iliyonse ili ndi anthu 11. Wina amaponya mpira kulunjika pa timitengo titatu totchedwa wiketi, ndipo wa timu inayo amateteza timitengoto ndi thabwa, namenya mpira kuti apeze zigoli zotchedwa marani. Woponya akaponya mipira 6, ndiye kuti yatha ova imodzi. Sungani mawu akuti ova, pakuti utali wa masewera umawerengedwa ndi maova.

Kiriketi yakale inali yosafulumira. Masewera a pakati pa maiko otchedwa Test anayamba m'chaka cha 1877 ku Melbourne, pakati pa Australia ndi England, ndipo masiku ano amatenga masiku 5. M'chaka cha 1939 ku Durban, England ndi South Africa anasewera kufikira tsiku lakhumi osamaliza, mpaka a ku England anasiya kuti angatsalire sitima ya pamadzi yobwerera kwawo. M'kati mwa dziko lililonse munalinso mipikisano ya zigawo, ya masiku atatu kapena anayi, monga Currie Cup ku South Africa ndi Logan Cup ku Zimbabwe. Pansi pa zigawozo panali makalabu, ndipo pansi pa makalabu panali sukulu. Mnyamata ankakwera makwerero amenewa pang'onopang'ono kufikira atavala malaya a dziko lake.

Koma anthu apantchito analibe masiku ochuluka otere oti akhale pabwalo, ndipo oonerera anayamba kuchepa. Motero mu 1963 ku England anayambitsa mpikisano wa tsiku limodzi. Mu 2003 anafupikitsanso, nayambitsa Twenty20, kapena kuti T20, m'mene timu iliyonse imamenya maova 20 okha, masewera n'kutha m'maola atatu. Mu 2007 dziko la India linapambana chikho choyamba cha dziko lonse cha T20 ku Johannesburg, ndipo chaka chotsatira, mu 2008, linakhazikitsa Indian Premier League ndi matimu 8.

Apa ndi pamene zinthu zinasintha kwenikweni. Matimu amenewa sanali a zigawo monga kale, koma a anthu amalonda amene anagula ufulu wosewera m'dzina la mzinda. Osewera amagulidwa pa okushoni kuchokera ku maiko osiyanasiyana, nasewera miyezi iwiri, nalandira ndalama zochuluka, kenaka n'kupita kwina, monga mmene amachitira munthu waganyu. Maiko ena anatengera: Australia mu 2011, zilumba za Caribbean mu 2013, ndipo South Africa mu 2023 inayambitsa SA20, imene matimu ake onse 6 eni ake ndi a matimu a ku India.

Tsono mverani mbali ziwiri za mkangano. Okonda kiriketi yaifupi amati yadzaza mabwalo amene anali mbee, yakopa amayi ndi ana, ndipo ndalama zake ndi zimene zikulipirira mipikisano yakale imene payokha siibweza ndalama. Amatinso wosewera ali ndi zaka zochepa zamphamvu, choncho nkosayenera kumuletsa kupezera banja lake. Ndipo ndi kiriketi yaifupi yomweyi imene yasankhidwa kuseweredwa pa masewera a Olympic a mu 2028 ku Los Angeles.

Otsutsa amayankha ndi mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Iwo amati masiku abwino a pachaka atengedwa ndi matimu amalonda, ndipo mipikisano ya zigawo yakankhidwira kumbali, osewera odziwika mulibe. Umboni wawo ndi zimene zinachitika mu February 2024. Dziko la South Africa linayenera kukasewera masewera a Test awiri ku New Zealand pa nthawi imene SA20 inali m'kati. Akatswiri anatsala kwawo, ndipo kunapita timu ya osewera ambiri atsopano, motsogozedwa ndi Neil Brand, amene anali asanasewerepo Test. Anagonja masewera onse awiri. Otsutsawa amatinso wosewera amene wazolowera kumenya mwaphuma saphunzira kudekha, kumene kumafunika kuti munthu ateteze wiketi yake tsiku lathunthu.

Kodi wolondola ndani? Ganizirani za tomato amene amayi anu amagula ku msika wa Soweto. Msika ndi wabwino, pakuti popanda iwo mlimi sakanapeza ndalama. Koma msika sufesa mbewu, suthirira, ndipo supalira. Matimu amalonda ali ngati msika: amagula wosewera wakupsa kale. Munda wake ndi sukulu, kalabu ndi chigawo. Taonani Temba Bavuma, amene anabadwira ku Langa, komboni ya ku Cape Town. Iye anakwera makwerero onse aja, ndipo mu January 2016 anakhala munthu wakuda woyamba kupezera South Africa marani 100 pa Test. Mu June 2025 anatsogolera dziko lake kugonjetsa Australia pabwalo la Lord's ku London, natenga chikho cha dziko lonse cha Test. Msika ukaiwala munda, tsiku lina udzasowa chogulitsa.

Nanga kwathu kuno? M'nthawi ya atsamunda, kiriketi inali ya Azungu ndi Amwenye m'makalabu a m'matauni, ndipo mwana wa m'komboni sankaifikira. Ngakhale zinali choncho, Zambia ili ndi mbiri yake. Pa chikho choyamba cha dziko lonse mu 1975 ku England, panali timu ya East Africa, ya osewera a ku Kenya, Tanzania, Uganda ndi Zambia. Mwa a ku Zambia munali Parbhu Nana ndi Yunus Badat. Timuyo inagonja masewera ake onse atatu, koma inaima pabwalo limodzi ndi England, India ndi New Zealand. Mu 2003 Zambia inalandiridwa payokha m'bungwe la ICC, loyang'anira kiriketi pa dziko lonse.

Chomvetsa chisoni nachi. Kuyambira mu January 2019, bungwe la ICC linalola kuti masewera a T20 a amuna a pakati pa maiko ake onse, aakulu ndi aang'ono omwe, aziwerengedwa pa mlingo umodzi. Khomo linatsegukira maiko onga lathu. Koma m'chaka chomwecho Zambia inaimitsidwa chifukwa chosakwaniritsa malamulo a umembala, ndipo mu 2021 inachotsedwa. Inabwezeredwa mu July 2025. Zaka zimenezo achinyamata athu anataya mwayi, osati chifukwa cha kiriketi yaifupi kapena yaitali, koma chifukwa nyumba ya masewerawa kuno kwathu sinali m'malo mwake.

Choncho, aphunzitsi, kwa ife funso la maiko aakulu limabwera mwa njira ina. Sukulu ya ku Chazanga ilibe bwalo la kapinga kapena masiku anayi oti ana asewere. Kiriketi yaifupi ndiyo ingakwane madzulo amodzi ana ataweruka, ndi mpira wa tenesi, thabwa losema ndi timitengo titatu. Yambani nayo imeneyo, anyamata ndi atsikana pamodzi. Koma musaphunzitse kumenya kwamphamvu kokha. Phunzitsani kuponya molunjika, kuteteza wiketi, kulemba marani moona ndi kumvera woweruza, ndipo panganani ndi sukulu yoyandikana nayo kuti muzikumana chaka ndi chaka. M'mera mpoyamba.

Tsopano gawani kalasi pawiri. Gulu lina liimire mwini timu yamalonda, lina liimire mphunzitsi wa kalabu amene analera wosewera kwa zaka 10. Funso lake ndi ili: wosewerayo akagulidwa ndi ndalama zambiri, kodi kalabu imene inamlera iyenera kulandirapo gawo? Aliyense apereke zifukwa zake, ndipo mulembe m'makope mwanu zimene mwagwirizana.